Sing'anga wa Mwana Mmodzi

Loweruka lililonse dzuwa likayamba kupendeka, Atelala ankavundikira makina osokera ndi chinsalu chakale, n'kulemba ndi choko pachitseko kuti ATULUKA. Sankatuluka ayi. Ankakhala pampando womwewo, pakati pa milu ya mathalauza odikira kupinda ndi masiketi ofuna zipi, n'kutsitsa magalasi pamphuno, kulowetsa mahedifoni m'makutu, foni n'kuigwira chopingasa ndi manja awiri ngati mbale yotentha. Wobwera ndi batani lothothoka nthawi imeneyo ankagogoda mpaka kutopa.

Gemuyi anaidziwira kwa mwana wawo wamkazi, yemwe aliyense ankamutchula Kamoto kuyambira akukwawa, chifukwa sankakhala malo amodzi. Kamoto anapeza ntchito pa tilu m'sitolo yaikulu mumzinda wina, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Chichokereni, kuyankhulana kwawo pafoni kunali ngati kwa anthu okumana pamzere wa kuchipatala: uli bwanji, ndili bwino, wadya, ndadya, chabwino. Amayi akati afunse zambiri, mwana ankati kwabwera kasitomala. Ndiye atabwera kudzapuma masiku ochepa, anawalanda foni n'kuikamo gemu ija.

"Timu yathu yasowa sing'anga, amayi. Amene analipo wabereka mapasa, alibe manja."

"Ndiye anga ndi ongokhala?"

"Ndi yosavuta. Ife timakhala asanu, adani asanu. Timu iliyonse ili ndi linga lake, wogwetsa linga la mnzake wapambana. Inu simumenya nkhondo. Mumayenda kumbuyo kwathu, wina akavulala mumamupopera mankhwala, m'tchire mumaikamo nyali kuti adani asatibisalire. Tikapambana otamidwa amakhala ena, tikaluza mlandu ndi wanu."

"Ntchito imeneyo ndikuidziwa," anatero Atelala. "Bweretsa kuno."

Masabata oyamba ankapopera mankhwala pamitengo ndi kulowa okha m'linga la adani ngati munthu wosochera mumsika. Koma zala zimene zimalowetsa ulusi pasingano osayang'ana sizinachedwe kuzolowera timabatani tochepa. Chimene chinawasunga mmenemo sichinali gemuyo. Anali mawu. M'mahedifoni muja ankamva mwana wawo masana athunthu: akuseka, akukuwa, akunamizira netiweki. Zimene sankanena pafoni ankazinena pakati pa nkhondo, ataiwala kuti amayi ake akumva. Ndi mmene Atelala anadziwira kuti Kamoto anasamuka nyumba, kuti dzino likumuwawa, kuti kapitawo wake watsopano amawerenga ngakhale nthawi yopita kuchimbudzi.

Anzake a Kamoto atatu a m'timumo Atelala sanawaonepo ndi maso. Panali Kaputeni, wometa tsitsi, amene ankalamula ngati ali ndi asilikali chikwi. Panali Mlonda, wonyamula chishango, amene nthawi zonse ankatafuna kanthu pafupi ndi maikolofoni. Ndiye panali wa uta, mnyamata wokonza mafoni, yemwe anzake ankamutchula Phee chifukwa gemu yonse inkatha atangonena mawu awiri kapena atatu. Kamoto ankasewera wamipeni, wolumphira adani kumbuyo, ndipo izi sizinawadabwitse amayi ake.

Tsiku lina hutala ya lole inalira m'makutu mwa Atelala kuchokera mbali ziwiri: kwa Kamoto ndi kwa Phee, nthawi imodzimodzi. Kenako supuni inagwa pansi, nayonso inamveka konsekonse. Atelala anangokankha magalasi ndi chala. Kale lomwe sing'anga wawo ankayenda pachidendene pa Kamoto, koma kuyambira tsikulo mankhwala anaiwaliratu njira yopita kwa Phee.

Nkhani inaphulika Loweruka lina timu itagonja masana onse.

"Amayi," anatero Kaputeni, "ndiyankhule kapena ndimeze?"

"Yankhulani bambo, nthawi ikupita."

"Inu kusewera mumatha. Nyali mumaika pabwino. Koma mankhwala anu ndi a munthu mmodzi. Kamoto akangopunthwa chala, mwafika kale ndi botolo lonse. Phee akufa pambali panu ngati nkhuku ya chitopa, inu osacheuka n'komwe."

"Ine ndinafa ndikuitana," anatero Mlonda, m'kamwa muli modzaza. "Ndinati amayi, amayi! Ndinangoona fumbi."

"Iwe unafa chifukwa dzanja limodzi linali m'mbale," anatero Atelala.

Wina anaseka pang'ono n'kuleka. Kaputeni sanaseke.

"Loweruka likubwerali ndi mpikisano, amayi. Woluza watuluka. Mayina tinapereka kale, ndiye musewera ndinu. Koma pali mnyamata wina amameta kwa ine, sing'anga amamudziwa bwino, ndipo wakhala akundipempha malo. Zikakhala ngati lero, ndimulowetsa. Musanditenge ngati wopanda ulemu."

Atelala anadikira kuti Kamoto anene kanthu. M'mahedifoni munali zii. Kunja munthu wina ankakoka chitsulo chotsekera shopu yake. Atelala anachotsa mahedifoni, kukulunga chingwe chake pazala bwinobwino monga amachitira ndi tepi yoyezera, n'kukhala akuyang'ana khoma. Gemu sinkawadyetsa. Maso inkawapweteka, khosi inkawaumitsa. Koma ankadziwa chimene chitsale akawachotsa: uli bwanji, ndili bwino, wadya, ndadya.

Lolemba m'mawa kunabwera vidiyo ya gemu yomaliza ija pamodzi ndi uthenga wa mawu. Kamoto ankayankhula motsitsa, zikumveka kuti wabisala kuseri kwa mashelefu kuntchito.

"Amayi, musakwiye. Onerani yonse. Mu gemu muja ine si mwana wanu, ndine wamipeni basi. Wamipeni amafa, ndiyo ntchito yake. Ine sindikufuna akuchotseni."

"Si mwana wanga," Atelala anauza makina osokera. "Ndiye kuchipatala kuja ndinabereka mpeni?"

Komabe anatsamiritsa foni pa chiguduli cha ulusi n'kuiyatsa, manja akumasula zipi yakale ndi lezala. Mayi wa saluni ya khomo loyandikana analowa kudzabwereka sizasi, chipeso chili m'tsitsi, ndipo monga mwa chizolowezi chake sanatulukenso.

Vidiyoyo inkaonetsa bwalo lonse kuchokera pamwamba, osati kuchokera kumbuyo kwa sing'anga monga anazolowera. Anaona tianthu khumi tikuyendayenda, ndi kamodzi kobiriwira kakuthamanga pambuyo pa kamodzi kofiira, kulowa m'tchire, kutuluka, kuwoloka mlatho, kubwereranso.

"Kobiriwirako ndi inu, achemwali?"

"Ndine."

"Nanga mukuthamangira kuti chonchi? Ngati nkhuku yolondola mwanapiye mmodzi, ena onse kabawi akutola."

"Mwabwera kudzabwereka sizasi. Iyo ili apo."

Lezala inaima. Pa vidiyo paja, mdani wamkondo anatuluka m'tchire kumbuyo kwa sing'anga. Atelala sankakumbukira n'komwe zimenezi, chifukwa nthawi imeneyo maso awo anali pa Kamoto. Mkondo unali wawo. Koma wa uta, amene anali pabwino patali, anabwerera n'kuima pakati. Mkondo unamulasa iyeyo, anagwa, sing'anga n'kupitirira ulendo wake osacheuka. M'mawu a vidiyoyo simunamveke dandaulo lililonse. Anabweza pang'ono n'kuonanso. Zinali zomwezo.

"Ameneyo ndi ndani?" anafunsa mayi wa saluni.

"Wokonza mafoni wina wake."

"Ndiye wakuferanitu."

"Sindinamutume."

"Paja amati mwana wa mnzako..."

"Miyambi ayi, achemwali, ndili ndi mayunifolomu a sukulu akudikira."

Sabata imeneyo, nthawi ya nkhomaliro, ankadya mothamanga n'kulowa gemu ndi anthu osawadziwa, amene makina amangokuponyerani. Kumeneko zonse zinkayenda. Maso sakhala pankhondo, amakhala pa kamapu ka pakona, kuwerenga mitu ya adani: akasowa awiri, ndiye kuti ali m'tchire akudikira wina. Timankhwala tating'ono timadzaza msanga, upereke osaumira. Koma botolo lalikulu ndi limodzi pa nkhondo iliyonse, ndipo ukalitayira pa munthu wokandika, wothyoka adzafa ukuona. Wa uta ndi wosalimba ngati pepala, koma ndiye amagwetsa linga, choncho malo a sing'anga ndi pambali pake. Wamipeni akalumphira m'tchire, osamutsatira: iye akudziwa potulukira, iwe sukupadziwa.

Zonsezi ankazidziwa kale, ndicho chinawakwiyitsa. Ndi anthu achilendo ankagawa mankhwala mosakondera, ngati nesi wa pa windo. Wina mpaka anawalembera kuti sing'anga wotere sanamuonepo, adzaseweranso liti. Vuto silinali m'mutu. Linali pamwamba pa galasi la foni, pamene pamakhala tinkhope ta anthu a timu yako, kalikonse ndi kamzere kake ka magazi. Ka Kamoto kakangoyamba kufiira, chala chinkanyamuka chokha osafunsa mwini wake.

Lachisanu anapeza nzeru. Anadula kaselotepi kamene amamata pa zovala polemba dzina la kasitomala, n'kukamata pagalasi, pamalo enieni pamene pamakhala kankhope ka Kamoto.

"Chimene maso sakuona, chala sichithamangira," anauza mayi wa saluni.

"Mwana wanu yemwe mwamumata selotepi?"

"Si mwana wanga. Ananena yekha."

Loweruka anatseka msanga. Foni anaitchaja mpaka kudzaza, bandulo anagula yatsopano, mpando anausunthira pafupi ndi zenera pamene netiweki imagwira bwino. Mayi wa saluni anatulutsa benchi n'kukhala pakhomo ngati wapolisi, ntchito yake kubweza aliyense wobwera ndi thalauza m'manja.

"Wopambana kawiri mwa katatu apitirira," anatero Kaputeni. "Amayi, muli bho?"

"Yambitsani, bambo."

Gemu yoyamba Atelala anamatirira kwa Phee ngati chigamba. Mnyamatayo akapita kumanzere, iwo kumanzere. Akakandika pang'ono, mankhwala. Zinayamba bwino, mpaka Kamoto anagwira wa uta wa adani ali yekha pakona. Anamulasa, anamulasanso, anatsala pang'ono kumumaliza, koma nayenso magazi anali akutha. Anali pafupi kwambiri ndi sing'anga, moti kadontho kamodzi kakanakwana.

"Amayi, pang'ono chabe! Amayi!"

Atelala analuma mano n'kuyang'ana kwina. Pansi pa selotepi sankaona kanthu, ndipo anali atalumbira kuti mawu amenewo sawamvera. Kamoto anagwa, mdani n'kuthawa ali moyo. Zinachitikanso pamlatho. Zinachitikanso pakhomo pa linga lawo, ndipo linga linagwa.

Kaputeni anapuma mpweya wautali umene unamveka ngati tayala likuphwa.

"Amayi. Ine sindinati mumutaye mwanayo. Ndinati muli ndi ana anayi."

"Chisamba ndine," anatero Mlonda. "Zilembedwe zimenezo."

"Amayi, mwandikwiyira?" anafunsa Kamoto. Sankaseka.

"Sindinakukwiyire. Ndinakumata."

"Munanditani?"

"Selotepi. Pankhope. Kuti ndisakuone."

Mlonda anatsamwa ndi chimene ankadya, kutsokomola mpaka maikolofoni inalira. Kamoto anaseka mpaka mawu anamuthera. Ngakhale Phee anamveka akutulutsa kampweya m'mphuno. Atelala anakanda selotepi ija ndi chikhadabo, kuimata m'mphepete mwa tebulo, n'kupukuta galasi ndi kansalu.

"Mwatha kuseka? Tiyeni. Ndilibe tsiku lonse."

Gemu yachiwiri anayang'ana tinkhope tonse tinayi mofanana, monga amayang'anira mabatani a malaya kuti aone limene lapotoka. Ndipo poti anali atatopa ndi ulemu, anayamba kuyankhula.

"Awiri asowa pamapu, bwererani nonse. Kaputeni, ndati nonse, inunso muli m'gulu la nonse. Mlonda, meza, ima kutsogolo. Kamoto, dikira, botolo silinadzaze. Dikira. Tsopano pita!"

Kamoto analumpha, anapha awiri, n'kutuluka magazi atatsala kadontho. Atelala anamupopera kamankhwala kakang'ono akudutsa, osaima, botolo lalikulu n'kulisunga. Linagwira ntchito patsogolo pake, adani atamuzungulira Phee pansi pa nsanja yotetezera linga lawo. Kamzere kake kanadzaza kuchoka pofiira mpaka pobiriwira.

"Zikomo amayi," anatero Phee. Aka kanali koyamba kuwayankhula iwo mwachindunji.

"Zikomo sapha mdani. Ponya mivi."

Anaponya. Gemu imeneyo anapambana.

Yachitatu inatalika mpaka foni inatentha m'manja. Kunja kunamveka bambo wina akuchonderera kuti ndi batani limodzi lokha, mayi wa saluni akumuyankha kuti atelala ali pa opaleshoni. Malinga onse awiri anali atang'aluka. Gemu ikafika pamenepa, wakufa amadikira nthawi yaitali asanadzuke, choncho aliyense ankadziwa kuti nkhondo yotsatira ndi yomaliza. Atelala anazemba n'kuika nyali m'tchire la pafupi ndi mlatho. Inaunika mitu itatu itabisala.

"Atatu ali pamlatho. Awiri sindikuwaona. Wina asayerekeze kulowa..."

Kamoto anali atalumpha kale.

Atatu aja anamuunjikira, kumukhuthulira zida zonse zimene anasunga. Iye anapha mmodzi, mipeni yake n'kumuthera. Kamzere kake kanatsika, kanafiira, kanayamba kuphethira. Nthawi yomweyo awiri osowa aja anatulukira kumbuyo, molunjika kwa Phee. Kaputeni anayesa kuwatchinga, anagwa pomwepo. Mlonda anali kutali, akubwera ndi chishango chake pang'onopang'ono ngati ngolo yodzaza njerwa.

"Amayi!"

Anali Kamoto, ndipo mawuwo sanali a wamipeni. Anali a kamwana kamene kanadzitsekera chala pachitseko. Chala cha Atelala chinanyamuka chokha, sing'anga n'kuyamba kuthamangira kumlatho. Botolo lalikulu linali lodzaza, limodzi lokhalo.

Koma maso anali pa kamapu, ndipo anaona zonse monga amaonera nsalu yoperewera asanaidule: siingakwane malaya ndi siketi, usankhe. Akamupulumutsa Kamoto, atuluka wamoyo koma manja ali lende, Phee atafa, wogwetsa linga palibe. Adani a pamlatho zida zawo zinali zitathera pa Kamoto. Mwanayo ntchito yake anali atagwira kale.

Anabweza chala. Chinalemera ngati si chawo. Sing'anga anatembenuka, kumufulatira Kamoto, n'kuphwanya botolo pamapazi pa Phee.

Kankhope ka Kamoto kanatuwa.

"Ponya, iwe! Ponya, usandiyang'ane ine!"

Phee anaponya. Woyamba anagwa. Wachiwiri anayesa kuthawa, muvi unamupeza pamsana. Awiri a pamlatho aja anafika akuthamanga, wamkondo ali patsogolo, ndipo Atelala anauona mkondowo usanachoke m'manja. Mankhwala anali atatha, panalibe china choti apereke. Anakankha sing'anga wawo n'kumuimika pakati.

Galasi lawo nalo linatuwa. Koma Mlonda anali atafika, chishango chili patsogolo, akukuwa ngati wawona akuba. Kumbuyo kwake mivi inkatuluka motsatizana. Wamkondo anagwa, mnzake anagwa.

Panalibenso batani loti Atelala adine. Anangokhala, mayi ndi mwana, onse akufa, akuonerera mnyamata wosayankhula uja akuthamangira linga la adani, Mlonda akupuma mwawefuwefu pambali pake.

"Mwandifulatira," anatero Kamoto motsitsa.

"Ndakufulatira."

"Ndinakuonani. Munayamba kubwera, kenako munabwerera."

"Khala chete, ndikuonera."

Adani oyamba anali atatsala pang'ono kudzuka pamene muvi womaliza unalowa. Linga linagwedezeka, linang'ambika pakati, linagwa. Phokoso limene linatuluka m'mahedifoni linawakakamiza kuchotsa imodzi. Mlonda ankaimba nyimbo yopanda mutu. Kamoto ankakuwa dzina la aliyense. Kaputeni anadikira kuti phokoso lichepe, n'kukonza kukhosi.

"Amayi, mnyamata uja ndimuuza akafune timu ina. Mwina ndimumeta ulere kuti asandide. Lachitatu madzulo pulakatisi, chifukwa amene tikumane nawo kutsogoloku si ana."

"Lachitatu ndili ndi madiresi a ukwati."

"Ndiye Lachinayi."

"Lachinayi. Koma Mlonda adyeretu."

Atelala atachotsa mahedifoni anapeza kuti khosi lauma ngati thabwa. Mayi wa saluni anasuzumira pakhomo.

"Mwapambana? Chifukwa mmene munkakuwira muno, bambo wa batani uja wathawa, wati abwera muli bwino."

Asanayankhe, foni inalira m'manja mwawo. Anali Kamoto, osati mu gemu, koma kuimba kwenikweni.

"Amayi, inu ndi oipa mtima. Mwana wanu wobereka nokha!"

"Ndinati wina asalowe. Unamva kapena sunamve?"

"Ndikanapanda kulowa, zida zawo zikanathera pa ndani?"

"Ukanadikira Mlonda."

"Mlonda akanafika mawa!"

"Ndiye ukanafa mawa, osati lero." Atelala anayang'ana kaselotepi kaja m'mphepete mwa tebulo. "Ali pompo?"

"Ndani?"

"Usandiyese mwana, iwe. Mupatse foni."

Kunamveka kunong'onezana, mpando ukukhulika, wina akuti ayi ayi, wina akuti tenga. Kenako mpweya.

"Muli bwanji, amayi."

"Ndili bwino. Tamvera. Ukamathawa umathawira kumanja, ndipo ine chala chakumanja chimachedwa, chili ndi nyamakazi. Uzithawira kumanzere, undipeza ndili pomwepo. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Ndipo mkondo ukamabwera kwa ine, usamaime pakati. Ukafa iwe tonse tafa. Imeneyo ndi ntchito yanga."

"Ndamva, amayi."

"Mawu ena ulibe?"

Mnyamatayo anaganiza kwa kanthawi. "Mwasewera bwino, amayi."

"Ndikudziwa. Mwezi ukatha mubwere nonse awiri. Ndatopa kuchiritsa munthu amene sindinamuonepo nkhope. Bweza foni kwa mwini wake."

Kamoto anailandira ali pakati pa kuseka ndi china chake chimene sichinali kuseka. Anayamba kufotokoza kuti ankafuna kuwauza kalekale, kuti ankangosowa poyambira, kuti mnyamatayo si woipa, kungoti pakamwa ndi polemera. Atelala anapanikiza foni pakati pa phewa ndi khutu, anakoka siketi ya pamwamba pa mulu, n'kufunafuna lezala pansi pa zidutswa za nsalu.

"Zimenezo tidzakamba mukabwera," anatero. "Tsopano tandiuza, pamlatho paja unalowera mbali iti? Chifukwa nyali yanga sinakuone."

"Kumbuyo kwa mwala, amayi. Pali kanjira."

"Kanjira kati? Fotokoza bwinobwino, usathamange."